Ghirahim akungogwira lupanga lanu ndi zala ziwiri? Tiyeni tione pomwe pakulakwika

Mu The Legend of Zelda: Skyward Sword muli malo amodzi pomwe anthu ambiri amaima nkuyamba kukalipira kontrola, ndipo ndi kumapeto kwa kachisi woyamba, Skyview Temple, uja wa mkati mwa nkhalango ya Faron. Mwavutika kupeza kiyi, mwatsegula chitseko chachikulu mukuganiza kuti mukumana ndi chilombo chodzaza chipinda chonse, nde mukungopeza munthu woonda wotumbuluka, tsitsi loyera lophimba diso limodzi, akunyambita milomo ndi lilime lalitali lija. Ndi Ghirahim ameneyo, amadzitcha mbuye wa ziwanda. Chida alibe, akungobwera poyenda dzanja lili mmwamba. Mukatema akugwira lupanga lanu ndi zala ziwiri ngati akutola kachitsotso, mukatemanso akugwiranso, mukachedwa akukulandani lupangalo nkukugendani nalo lomwelo. Ine ulendo woyamba ndinafa kangapo konse ndisanamukhudze nkomwe, ndipo ndinali wotsimikiza kuti kontrola yanga yafa pomwe vuto linali mkono wanga.

Chowawa nchoti mkuluyu simukumana naye kamodzi ayi. Amabwera katatu, ku Skyview Temple, kenako ku Fire Sanctuary kuphiri la moto la Eldin, kenako ku Sealed Grounds gemu ili pafupi kutha. Nde ngati poyamba paja munangodutsa mwamwayi pogwedeza kontrola mwachisawawa mpaka iye kutopa nanu, ulendo wachiwiri mukalipira ngongole yonse ndi chiwongola dzanja chomwe.

Musanasinthe chilichonse yambani mwadziwa kuti wolakwa ndi ndani, inu kapena kontrola, chifukwa mavuto awiriwa amaoneka chimodzimodzi pa sikirini koma mankhwala ake ndi osiyana. Imani pamalo opanda adani, solorani lupanga, kenako yendetsani kontrola pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, mmwamba, pansi. Lupanga la Link, mnyamata yemwe mukumuyendetsa uja, likuyenera kutsata dzanja lanu bwinobwino. Ngati mwaloza kutsogolo koma lupanga pa sikirini lapendekera kumbali, kapena mukalozetsa mmwamba silikufika poti nkuyamba kuwala, ndiye kuti kontrola yataya pakati pake. Ngati likutsata bwino, pepani, vuto ndi katemedwe kanu, dumphani ndime ziwiri zikubwerazi.

Pa Switch, mu mtundu wa HD uja unatuluka mu July 2021, nkhani yake ndi yachidule. Lozetsani Joy-Con ya kumanja pakati pa sikirini nkudina Y, basi yabwerera pakati. Koma musaganize kuti mukadina kamodzi mwathana nazo, Joy-Con ilibe choiuza komwe kuli TV, imangowerengera mmene yazungulira kuchokera pomwe inayambira, nde mukamatema mwamphamvu kambirimbiri mawerengedwe aja amasochera pang'onopang'ono. Ine ndinangozolowera kudina Y nthawi iliyonse Ghirahim akadumphira kumbuyo, chala chimangopita chokha, ndipo kuyambira pamenepo theka la mavuto anga linatha.

Pa Wii, gemu yoyambirira ya 2011, pakufunika Wii MotionPlus kapena Wii Remote Plus, ndipo gemu ikamayamba imakuuzani kuti muike rimoti pamalo osalala isagwedezeke. Anthu ambiri amaigoneka pa ntchafu kapena pa khushoni ya mpando pamene iwo akusunthasuntha, kenako nkumadabwa kuti lupanga likupita kwina. Ikani pa tebulo kapena pansi penipeni, ichotseni dzanja, dikirani imalize. Chinanso, rimotiyi imadzikonza yokha ikaona timagetsi ta sensor bar, kandodo kaja mumaika pamwamba kapena pansi pa TV, nde ngati pafupi ndi TV pali zenera lolowetsa dzuwa, kandulo, kapena babu lowala kwambiri, imasokonezeka nkumatenga kuwala kumeneko ngati ndiye sensor bar. Tsekani katani. Onaninso mabatire, akayamba kutha zinthu zimayamba kuchita zachilendo.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya dzanja lake lija.

Gemuyi imawerenga kayendedwe ka kontrola mitundu iwiri. Mukayendetsa pang'onopang'ono, Link amangosuntha lupanga osatema. Mukayendetsa mofulumira, amatema kulowera komwe dzanja lanu lapita. Ghirahim amayang'ana nsonga ya lupanga lanu ndipo dzanja lake limatsata komweko, mukaliika kumanja dzanja lake lili kumanja, mukalikweza naye wakweza. Nde ganizirani zomwe munthu aliyense amachita mwachibadwa akafuna kutema: amabweza mkono kumanja kuti atenge mphamvu, kenako nkutema kuchokera kumanjako kupita kumanzere. Apa mwamuuza kale komwe lupanga likuchokera, iye wadikirira pomwepo, wagwira. Choipa kwambiri nchoti ngati kubweza mkono kuja mwachita mofulumira, gemu imakuwerengerani ngati mwatema kale, ndiye mukutema kawiri ndipo konse kuwiri si komwe mumafuna. Ndi chifukwa chake anthu amalumbira kuti ndinatema kumanzere koma Link watema kumanja. Sananame, kungoti gemu inaona kubweza mkono kuja poyamba.

Kachisi wa Skyview yemweyu anali atakuphunzitsani kale zimenezi koma mwina simunazindikire. Mukukumbuka maso aja a pamwamba pa zitseko, omwe amatsata nsonga ya lupanga mpaka mumazunguza lupangalo kuti achite chizungulire? Ndi phunziro lomwelo, kuti mu gemu iyi adani amaona komwe lupanga lili musanateme. Ma Deku Baba aja otsegula kukamwa mopingasa kapena moimirira, ma Bokoblin otchinga mbali imodzi, Stalfos wa malupanga awiri uja, adani onsewo amakukonzekeretsani za Ghirahim. Iyeyu ndi mwambi woti muumasulire, kungoti mwambi wake umabwezera.

Chochita nchotere. Mulokeni kaye kuti Link aziyang'ana iye yekha, Z pa Wii, ZL pa Switch, ndipo chala chisachoke pamenepo. Tengani lupanga pang'onopang'ono muliike mbali imodzi, tinene kumanja, nkudikira mpaka muone dzanja lake lafika kumeneko. Tsopano mukufuna kutema kochokera kumanzere, komwe kulibe dzanja. Njira yomwe inandithandiza ine ndi yoti lupanga lili kumanja komweko, ndimangokhotetsa dzanja msanga kupitirira kumanja, pang'ono chabe, ndi pamfundo ya dzanja osati phewa lonse. Gemu imaona kuti kontrola yathamangira kumanja nde Link amatema kuchokera kumanzere kupita kumanja, Ghirahim dzanja lake lili kolakwika. Zimamveka zopotoka mukamawerenga koma yesani kawiri katatu muona. Njira ina ndi kuwolotsa lupanga kupita mbali inayo mosathamanga kwambiri kuti gemu isawerenge ngati mwatema, nkutema pompo dzanja lake lisanafike, chifukwa limatsalira kumbuyo pang'ono. Imeneyi imafuna kuti mupeze liwiro lapakati, ndipo kwa ine inali yovutirapo. Mukamupeza kamodzi pitirizani kutema mpaka adumphire kumbuyo, akadumpha siyani, musamuthamangire mukutema mphepo, yambiraninso kumunyengerera dzanja lija.

Amene mukusewera ndi mabatani okhaokha, kaya pa Switch Lite kaya pa Pro Controller kaya mwangotopa ndi kugwedeza manja, lupanga lili pa analogi ya kumanja ndipo lamulo ndi lomwelo, kukankha pang'onopang'ono ndi kusuntha lupanga, kukankha mwachangu ndi kutema. Kankhirani kumanja mofatsa, gwirani pompo dzanja lake libwere, siyani analogi ibwerere pakati kenako ikankhireninso kumanja komweko mwachangu. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri apa ndi chala kukhala pa L. Batani limenelo likadinidwa analogi ya kumanja imasiya lupanga nkuyamba kuzunguza kamera, nde munthu wapanikizika, wafinya kontrola yonse, akudabwa kuti Link sakutema koma chipinda chikuzungulira. Komanso ngati analogi yanu inayamba kale kuyenda yokha osaikhudza, pa gemu iyi muvutika kuposa pa gemu ina iliyonse, kuli bwino mubwereke kontrola ina.

Nanga akaligwira? Musakokere kumbali ndipo musangoima. Temani chokweza mmwamba msangamsanga, lupanga limasolokamo mu zala zake. Mukachedwa walanda, ndipo amayamba wakunyozani kaye kenako nkukutemani nalo, mapeto ake amaliponya. Apa musachite mantha, khalani patali chishango chili mmwamba, akaponya zembani nkuthamangira komwe lagwera mukalitole. Anthu ambiri amathera mitima pamenepa chifukwa chomuyandikira alibe chida.

Mukamumenya mokwanira amanyambita milomo, kuthyola zala, lupanga lake lakuda nkutulukira. Ambiri amaona ngati apa ndiye zafika povuta koma kunena zoona gawo ili ndi losavuta kuposa loyamba, chifukwa wasiya kugwira lupanga lanu. Ali ndi zochita zitatu basi. Amaponya mipeni yofiira itandandalikana mzere, mopingasa, moimirira kapena mopendekera, ndipo mutha kuibweza potema motsata mzerewo, koma ngati simukudzidalira ingodumphirani kumbali, palibe amene akupatseni mphoto chifukwa choibweza. Amazimirira nkutulukira pafupi nanu, nthawi zambiri kumbuyo, atagwira lupanga mbali imodzi, nde tembenukani muone komwe watchinga nkutema mbali yotseguka. Chachitatu amaima patali, kuwerama pang'ono, nkubwera chothamanga. Apa ndi pomwe chishango chimagwira ntchito, mukankhe Nunchuk, kontrola ya kudzanja lamanzere pa Wii, kapena Joy-Con ya kumanzere kutsogolo nthawi yomwe akufika, pa mabatani ndi kudina analogi ya kumanzere, iye amadzandira ndipo mumapeza mpata wabwino womutema kangapo.

Za chishango ndinenepo pang'ono chifukwa anthu amafika kwa Ghirahim chishango chitatsala pang'ono kusweka. Mu gemu iyi chishango chili ndi moyo wake, mukangotchinga chabe chimadyeka, koma mukakankha pa nthawi yake yeniyeni sichidyeka. Chamatabwa chija amakupatsani mphunzitsi Owlan ku Skyloft, kwawo kwa Link mumlengalenga, sichichedwa kusweka ngati mukungobisala kumbuyo kwake. Nde musanalowe chitseko cha bosi, ngati zinthu sizili bwino, palibe manyazi kubwerera. Pitani pa chiboliboli cha mbalame, sevani, tulukani, kwerani kumwamba ku Bazaar, msika wa ku Skyloft. Gondo amakonza chishango, Luv amagulitsa mankhwala, ofiira aja ndi ma Rupee 20 ndipo amabweza mitima 8, pomwe inu pa nthawiyi muli ndi mitima 6 yokha, ndiye botolo limodzi ndi moyo wachiwiri wathunthu. Mukapeza ka fairy, kanthu kowala kamapiko kaja, kaikeni mu botolo, mukafa kamakudzutsani kokha. Mchipinda cha ndewumo mulinso miphika mmbali mwa khoma ndipo ina ili ndi mitima, musaiphwanye yonse poyamba pomwe mitima yanu ili yodzaza, isungeni. Kupatula ngati muli pa Hero Mode, mtundu wovuta uja womwe umatseguka mukamaliza gemu, kumeneko adani amapweteka kawiri ndipo mitima siigwa wamba, koma ngati mwafika pa Hero Mode ndiye Ghirahim mukumudziwa kale kuposa ine.

Ku Fire Sanctuary ndi komwe amagwa anthu aja anadutsa poyamba mwamwayi. Choyamba, musapite ndi chishango chamatabwa kudera la moto, chimapsa. Ndewu imayamba chimodzimodzi, dzanja mmwamba kudikira lupanga lanu, koma pano manja ake ada ngati chitsulo ndipo pali timipeni toyandama pambali pake tomwe tikutchinga mbali zina. Kutanthauza kuti mbali zotseguka zachepa, simungangosankha kumanzere kapena kumanja mmene munazolowera, mukuyenera kuyang'ana kaye pomwe pali mipeni, kenako kukokera dzanja lake kwina, nkutema podutsa pomwe palibe chilichonse. Nthawi zina mpata uli chokweza kuchokera pansi, nthawi zina mopendekera. Ngati kutema mopendekera kumakukanikani, kayeserereni pa udzu kapena pa zikwangwani panja musanalowe, chifukwa apa kukufunika ndithu.

Kenako amatulutsa malupanga awiri. Akawagwira onse mopingasa temani mopingasa pakati pawo, akawaimika temani motsitsa, mfundo ndi yoti lupanga lanu liyende motsata ake osati kuwadula. Akazimirira osatulukira pambali panu, dziwani kuti ali mmwamba akubwera kudzakugwerani, thamangani kapena gudubukani, malupanga ake amazikika pansi ndipo kwa kanthawi amakhala akulimbana nawo, umenewo ndi mpata wanu waukulu mu ndewu yonseyi. Pali pena pomwe mipeni imakuzungulirani inuyo ngati mkombero. Ikazungulira mopingasa chitani spin attack, kutema kozungulira kuja, yopingasa, ikazungulira moimirira chitani yoimirira, pa zogwedeza ndi kuyendetsa manja onse awiri limodzi, pa mabatani ndi kukankha analogi uku ndi uku mwachangu katatu. Koma yang'anirani kabwalo kobiriwira ka mphamvu kaja, spin attack imadya kwambiri, mukaichita motsatizana Link amatheratu mpweya nkuima akupuma wefuwefu pamaso pa munthu wa malupanga awiri. Ine zinandichitikira, sindinachedwe kufa.

Ulendo wachitatu ndi wina ndithu. Mwatsika chigwa cha Sealed Grounds mukudula chikhamu cha ma Bokoblin, mwina mitima yatha kale theka, nde pansi pake mukupeza Ghirahim thupi lonse lasanduka lakuda lolimba. Vuto lomwe anthu amadandaula apa ndi loti ndikumutema koma sakumva kanthu. Eya sakumva, ndipo sakuyenera kumva. Muli pa kabwalo koyandama mmwamba ndipo kutema kwanu ntchito yake ndi kumukankha basi, mukankhireni kumphepete mpaka agwe pa kabwalo kapansi, akagwa chagada dumphani ndi Fatal Blow, kubaya komudumphira mdani ali pansi kuja, mumubaye pa kadayamondi ka pachifuwa, pa zogwedeza ndi kutsitsa manja onse awiri limodzi chizindikiro chikaoneka. Katatu. Samalani kuti iyenso angathe kukutembenuzani nkukuikani inuyo kumphepete, ndipo akayamba kutchinga ndi manja owala temani mbali yomwe kulibe manjawo, lamulo lakale lomwe lija.

Mukafika pansi, malo okhawo omwe amamva kuwawa ndi pachifuwa pomwe mwang'ambapo kale, ndipo pamafuna kubaya, kutema sikuthandiza. Apa ndi pomwe kontrola yosochera imapweteka kwambiri chifukwa kubaya ndi kukankha kontrola kutsogolo molunjika, nde ikapendekera pang'ono gemu imawerenga ngati mwatema. Dinani Y musanayambe, ndipo kankhani mwachidule osatambasula mkono wonse. A mabatani apa muli pabwino, ndi kungodina analogi ya kumanja. Mpata mumaupeza pokankha lupanga lake ndi chishango, kapena akaponya chimbale chowala chija nkuchibweza potema motsata mmene chagonera.

Pomaliza amatulutsa chilupanga chachikulu chotambalala nkubisala kumbuyo kwake. Ichi mumachiswa pang'onopang'ono, akachiimika temani mopingasa, akachigoneka temani motsitsa kapena chokweza, ndipo muzitema mbali imodzimodziyo mosalekeza mpaka muone kamwala kowala mkati mwake, kabayeni, chilupanga chimasweka, kenako mubayeni iyeyo pachifuwa. Mukazengereza kapena mukasokoneza mbali amachikonzanso nkubwerera mwakale, ndipo apa mpomwe kubweza mkono mofulumira kuja kumakupwetekaninso, chifukwa kutema kumodzi kobwerera kumene simunafune kukuonongerani ntchito yonse. Temani, bwezani dzanja mofatsa, temaninso. Ngati pakuvutabe, Guardian Potion ya kwa Luv ndi ma Rupee 200 ndipo imachepetsa kupweteka ndi theka kwa mphindi zitatu, mukaipititsa kwa Bertie ndi tizilombo toyenera ndiye simupwetekeka nkomwe kwa kanthawi. Ena amati kumeneko ndi kubera, ine ndimati mankhwalawo anawaika mu gemu kuti anthu amwe.

Mukamugonjetsa musadabwe ndi zomwe zichitike, Ghirahim ndi mzimu wa lupanga la mbuye wake Demise, monga mmene Fi alili mzimu wa lupanga lanu, ndipo mudzaona Demise akumusolola lupangalo pachifuwa iye akuseka. Demise amakupatsani mpata wokonzeka musanamutsatire, nde sevani, bwererani ku Skyloft mukadzaze mabotolo onse ndi kukonzetsa chishango, ndipo ngati muli pa Wii sinthiranitu mabatire musanalowe.